Madengu Atatu a Chimanga

Iwe Tiyamike, tabwera nalo kuno buku lakolo. Ndiye mwafika pa mutu wa ukapolo? Tatsegula ndione. Masamba onsewa, ndi zithunzi zomwe! Muli ndi mwayi ana inu, kungoti mwayiwo mumaugonera. Dalitso, ika pansi foniyo, sithawa. Senderani pafupi nonse, mawu anga masiku ano safika patali.

Ine phunziro limeneli ndinaliphunzitsapo, ndipo linatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito. Inali nthawi ya Chitaganya, Chipata akutchedwa Foti Jemusoni. Ndinali mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zingapo, ndisanakumane ndi agogo anu aakazi, ndikuphunzitsa Sitandade 3 pa sukulu ya mishoni kufupi ndi Sinda. Musaganize za sukulu zanu za malata ndi magalasi. Yathu inali ya zidina, denga la udzu, mipando youmba ndi dothi. Ana aang'ono ankalemba pamchenga ndi chala, aakulu pa masileti, ndipo sileti ikasweka mwana ankalemba pa chibenthu chake mpaka chaka kutha. Belu linali khasu lakutha lopachika mumtengo wa mango. Ana ake anali a ku Sinda enieni: ufunse m'Chichewa, yankho libwere m'Chinsenga, ndipo palibe ankaona chachilendo.

Buku la mbiri linali limodzi sukulu yonse, la mphunzitsi. Za ukapolo munali tsamba limodzi lokha: chithunzi cha anthu ali m'magoli, pambuyo pawo Mluya wovala mkanjo atagwira chikoti, ndi mizere ingapo yonena kuti azungu atabwera zonsezi zinatha. Goli, iwe Dalitso, si chigoli cha mpira. Ndi mtengo wa mphanda umene ankalowetsa m'khosi mwa munthu n'kutseka ndi chitsulo kuti asathawe.

Pa tchuthi cha nthawi yozizira, anthu atakolola, aphunzitsi tinkaitanidwa ku Katete kukaphunzira kaphunzitsidwe. Inu mumakwera minibasi n'kudandaula kuti yadzaza. Ife tinkapalasa njinga mumseu wa miyala ndi fumbi, bulangete litamangidwa pa keliyala, kamba wa mbatata zootcha ndi chimanga chokazinga ali m'thumba. Lole ikadutsa unkafika ku Katete uli wofiira mpaka nsidze.

Kumeneko ndiko ndinadziwana ndi anzanga awiri. Woyamba anali a Jere, Mngoni wa makutu oboola, wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri, wosachedwa kuseka koma wochedwa kulankhula. Ankaphunzitsa kumidzi ya kumalire, cha ku Vubwi. Masiku amenewo ku Vubwi kunalibe boma, kunali minda ndi tinjira topita kwa Apwitikizi ndi ku Nyasalande. Wachiwiri anali Amayi Sakala, Mnsenga, amene ankaphunzitsa atsikana pamishoni kufupi ndi Katete pomwepo. Anali wamfupi, ndipo lilime lawo linkaopedwa ndi abusa omwe.

Tsiku lina masana tinakhala padzuwa tikudya nzimbe, buku lija lili pamwendo panga. Amayi Sakala analitenga, kuyang'ana chithunzi, n'kulibweza.

"Tsamba ili likukamba ngati zinachitikira anthu ena, kutali kunyanja," anatero. "Nanga magoliwa mitengo yake ankadula kuti? Si m'thengo lathu lomweli?"

A Jere analavula makoko a nzimbe. "Buku ili latilemekeza kwambiri ife Angoni," anatero. "Silinatitchule n'komwe."

Pomwepo tinapangana. Anthu amene anaona zimenezi ndi maso anali akadalipo, okalamba koma a nzeru zawo. Aliyense wa ife akafunse akuluakulu a kumene akuphunzitsa, alembe m'kope, aike kaboni pansi kuti zituluke zitatu, atumize kwa anzake. Kaboni ndi pepala lakuda lopyapyala limene linkadinda zolemba zako pa pepala la pansi. Ndiyo inali makina athu. Tinakapempha chilolezo kwa mzungu woyang'anira masukulu a mishoni. Sanakane. Anangoti tisalowetsemo za Chitaganya, poti masiku amenewo anthu pamisonkhano ankati Chitaganya ndi ukapolo wachiwiri. Tinavomera, ngakhale pambuyo pake ana okha ankafunsa ngati chibalo chimene atate awo ankapitira kumapulazi a azungu ku Walale, kutsidya la Zambezi, chinali chosiyana ndi ukapolo, ndipo ine ndinkawayankha mmene ndinkathera.

Kufunsa kunali kovuta kuposa mmene tinkaganizira. Nkhalamba zinkandilandira bwino, kundipatsa thobwa, kundiuza za njala, za dzombe, za mikango. Ndikati nanga za akapolo, munthu ankayamba kufunafuna fodya wake. Wina anandiuza kuti, "Aphunzitsi, zimenezo tinakwirira. Mukufukuliranji?" Miyezi iwiri inatha m'kope mwanga muli masamba awiri okha.

M'kalasi mwanga munali mtsikana dzina lake Lute, wanzeru pa masamu kuposa anyamata onse. Ambuye ake aakazi, amene mudzi wonse unkawatcha Anaphiri, ankakhala m'kanyumba kumapeto kwa mudzi woyandikana ndi sukulu. Sanali nkhalamba yokoma mawu. Ankatukwana nkhuku, ana ndi mvula mofanana. Ndinawafika komalizira chifukwa ndinkawaopa. Ndinawapeza pakhonde dzuwa likuswa mtengo, akuswa nshawa, zimene ena amati mtedza, m'lichero.

"Mwati mukufuna za akapolo?" anatero osakweza mutu. "Ndamva mwazungulira midzi yonse. Mwavutikiranji? Kapolo ndi uyu mukumuonayu. Khalani pansi, muziswa nshawazi uku mukumva."

Ndinakhala pansi. Kope ndinalemba pambuyo pake, manja anali pa nshawa.

"Kwathu n'kum'mawa uko, kuseri kwa mapiri a kumalire," anayamba. "Atate anali osula makasu. Anali ndi ng'anjo ziwiri zosungunulira chitsulo m'mbali mwa kamtsinje, pafupi ndi mwala waukulu wong'ambika pakati. Amayi anali Msamude. Nkhondo ya Angoni inatipeza m'mawa, ine ndi mkulu wanga tikuinga mbalame m'munda wa mapira. Iye anathawira m'bango. Ine ndinapunthwa. Mano am'tsogolo anali atangomera kumene."

Angoni aja sanakhale nawo nthawi yaitali. Anawapereka kwa Achikunda, amalonda a minyanga ndi anthu ochokera ku Zambezi, posinthana ndi nsalu. Akuluakulu anali m'magoli, ana anamangidwa chingwe m'chiuno. Anayenda masiku amene Anaphiri sanathe kuwawerenga. Atafika dera lathu lino mapazi a Anaphiri anatupa, ndipo apaulendowo chakudya chinawathera.

"Wina anati timusiye m'thengo. Wina anati ayi, tisinthe ndi kamba. Ndiye mwini mudzi uno wa nthawi imeneyo anatulutsa madengu atatu a chimanga. Ndinawaona ndi maso angawa. Limodzi linali losadzaza."

Anawasambitsa, kuwameta, kuwapatsa mfunda wa eni mudzi, n'kukhala Anaphiri. Atakula anawakwatitsa kwa muphwa wa mwini mudziyo. Ndinafunsa ngati ankawazunza.

"Sanandimenye kuposa mmene ankamenyera ana awo," anatero. "Ndadya, ndavala, ndabereka. Koma mlandu ukabuka, ine wondiimira ndani? Mwamuna akandilakwira, ndikadandaula kwa yani, poti nkhoswe yanga ndi abale ake omwewo? Ana anga alibe atsibweni, aphunzitsi. Lembani zimenezo."

Inu ana a m'tauni mwina simukumva kulemera kwake. Kwathu kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Mlongo wa amayi ako, atsibweni, ndiye amakuimira paukwati, pamlandu, pamunda, pamaliro. Munthu wopanda atsibweni aliyense amamuponda. Azungu anathetsa magoli, koma atsibweni sanabwezere munthu.

Ponyamuka ndinafunsa, "Ambuya, ndikawauze ana zimenezi?"

"Kawauzeni. Mukusungira yani?"

Ndinapita ndikuyenda ngati ndapha njovu. Lolemba lake ndinaima kutsogolo kwa kalasi n'kuwerenga zonse. Ndinatchula dzina, ndinatchula mudzi, ndinatchula madengu. Ndinafika pouza ana kuti, "Awa ndi ambuye ake a Lute, mnzanuyu." M'mutu mwanga ndinkati ndikuwalemekeza. Kalasi inali zii, ndipo ine ndinati phunziro lalowa. Lute sindinamuyang'ane n'komwe.

Sabata isanathe, mwanayo dzina lake linali Madengu Atatu. Akamapita kuchitsime, anzake ankaimba. Akakhoza samu, wina kumbuyo ankanong'ona kuti limodzi losadzaza. Ndinakwapula anyamata awiri, zinangowonjezera. Sabata yachiwiri mpando wa Lute unali wopanda munthu.

Amake anandipeza ndikulima kadimba kanga kuseri kwa sukulu. Sanagwade, sanapereke moni.

"Aphunzitsi, amayi anga ndi okalamba, alibenso chotaya. Mwana wanga ndiye adzafuna mwamuna m'dera lino. Munaganizapo? Zimene akuluakulu ankadziwa n'kukhala chete, inu mwazipereka kwa ana kuti aziimba."

Ndinangoima ndi khasu m'manja.

Kenaka kunabwera a Phiri, mkulu wa mpingo, mdzukulu wa munthu uja anatulutsa madengu. Musawaganizire zoipa. Anali munthu wofatsa, ndipo denga la sukulu yathu anafolera ndi iwo ndi ana awo. Analankhula motsitsa mawu, chipewa chili m'manja.

"Mwatisandutsa ogula anthu pamaso pa ana athu. Ine sindinagule munthu. Mayi aja ndimawatcha amayi, nyumba ndinawamangira ndine. Agogo anga akanapanda kutulutsa chimanga chija, bwenzi atadyedwa ndi afisi. Zimenezo munawauza ana?"

Sindinawauze. Mawa lake ana onse a banja la a Phiri sanabwere, ndipo ena anatsatira. M'kalasi munatsala theka. Woyang'anira masukulu atamva, anatuma mawu akuti nkhaniyi ikapanda kutha mwezi umenewo, phunzirolo lilekeke m'masukulu onse atatu ndipo ine ndisamutsidwe.

Ndinalembera anzanga aja. Kalata ya ku Katete ndinapatsira woyendetsa lole yogula nshawa, ya ku Vubwi inayenda ndi munthu wopita kukaona abale ake. Inu mukatumiza uthenga pafoni, pakapita mphindi ziwiri osayankhidwa mumati munthu wakunyozani. Ine ndinadikira masabata atatu, ndikuphunzitsa mipando. Amayi Sakala ndiwo anayamba kufika, atakwera njinga ya amuna awo. Sanadikire kuti ndiwapatse madzi.

"Munafunsa mwanayo musanawerenge?"

"Ayi."

"Amake?"

"Ayi. Koma Anaphiri anavomera."

"Anavomera za iwo eni. Nanga inu a Tembo, kwanu mwafunsa? Mwayendera makomo a anzanu onse ndi kope lanu. Pakhomo pa amayi anu mwafikapo?"

Sindinaganizepo n'kamodzi komwe. Kwathu kunali ulendo wa theka la tsiku, ndipo ndinapita m'mawa mwake. Amayi anga, amene inu simunawaone, ndinawapeza akupeta mphale. Ndinawafunsa ngati m'banja mwathu munali akapolo kapena ogulitsa anthu. Anapitiriza kupeta.

"Mbuzi zoyamba za pakhomo pano ukuganiza zinachokera kuti?" anatero. "Chaka cha njala atsibweni a amayi anga anatenga mwana wamasiye wa m'bale wawo, kupita naye kwa Achikunda, kubwera ndi mbuzi. Dzina la mwanayo ine sindilidziwa. Usandifunsenso."

Pobwerera sindinapalase. Njinga ndinkangoikankha.

A Jere anafika atagona kawiri panjira, matayala atawasokerera ndi luzi. Tinaitanitsa msonkhano, ndipo Loweruka m'mawa makolo anadzaza kalasi, ena anaima m'mawindo. A Phiri anakhala kutsogolo. Amake Lute anakhala pansi pafupi ndi khomo. Anaphiri sanabwere, anati ali ndi ntchito.

Ndinayamba ndine. Ndinapepesa kwa amake Lute, ndinapepesa kwa a Phiri, ndipo ndinanena za mbuzi za kwathu mmene amayi anandiuzira. Anthu anayamba kung'ung'udza, wina panja n'kunena kuti ndiye alekeretu phunzirolo. Apo a Jere anaimirira.

"Ine ndine Jere, mukuona makutu angawa. Atate anga anali a nkhondo. Sanavalepo mkanjo ngati munthu wa m'buku la ana anu, koma anagwira anthu, ndipo ankanyadira. Ankatiwerengera midzi imene anaotcha. Mwina munda wa mapira umene mwamva uja anafikako ndi iwo, sindidziwa. Ine ndinawakonda, ndipo ndinawaika m'manda ndi manja angawa. Koma ana anga a sukulu ndimawauza, chifukwa ndikapanda kuwauza adzakula akuganiza kuti woipa amachokera kutali nthawi zonse."

Amayi Sakala sanaimirire, analankhula ali pampando.

"Ambuya anga anaperekedwa chikole pa mlandu wa atsibweni awo, ndipo sanawomboledwe. Ine ndine mdzukulu wa mdzakazi. Amene akufuna kundiimba nyimbo ayambe pano, ndimve mawu ake." Anawayang'ana onse mmodzimmodzi. "M'chipinda muno mulibe banja limene nkhaniyi inalidumpha. Ena anagwidwa, ena anagwira, ena anagula, ena anagulitsa, ndipo ambiri a ife magazi onsewo ali m'thupi limodzi. Mnyamata uyu analakwa poloza mwana mmodzi. Kulakwa kwake n'kumeneko. Koma mawu akuti kapolo ana anu sanawaphunzire kwa iye. Anawamva kunyumba, mukamakana ukwati wa uje ndi uje."

Msonkhano unatha dzuwa litapendeka, ndipo sikuti onse anagwirizana. A Phiri anati aganizire. Ana awo anabwerera patapita masabata awiri, mabanja ena awiri sanabwezenso ana awo mpaka ine kuchoka. Lute anakana kwamtuwagalu kulowanso m'kalasi mwanga. Amayi Sakala anapempha amake kuti amutenge akakhale naye ku Katete, akaphunzire kumeneko, ndipo anapita atakwera pa keliyala, osatembenuka.

Madzulo ake atatufe tinakhala pansi n'kukonza kaphunzitsidwe kathu. Tinati mphunzitsi aziyamba ndi za kwawo asanakambe za wina. Tinati dzina la munthu wamoyo ndi mudzi umene akukhala zisatchulidwe. Ndipo a Jere anabweretsa nzeru yakuti tizisinthana: nkhani za ku Sinda zikawerengedwe ku Vubwi, za ku Vubwi ku Katete, za ku Katete ku Sinda, kuti mwana asamve za ambuye a mnzake amene wakhala naye mpando umodzi. Woyang'anira masukulu ataona kuti ana abwerera, anatisiya.

Nkhani ya Anaphiri tisanaitumize ndinapitanso kukapempha, ulendo uno amake Lute ali pomwepo. Ndinati tichotsa mayina onse.

"Langa chotsani," anatero Anaphiri. "La amayi anga musiye. Chibwerere kuno palibe amene analitchulapo."

Amake Lute anati bola zikawerengedwe kutali, ndipo madengu asatchulidwe. Tinatero.

Tinaphunzitsa motero zaka zingapo, ndipo makope anakula. Kwa a Jere kunachokera nkhani ya nkhalamba imene inabisala m'phanga masiku ambiri ikudya mizu. Kwa Amayi Sakala kunachokera ya munthu amene anafika mpaka kwa Apwitikizi ali m'goli n'kuthawa, chipsera chili m'khosi mpaka imfa yake. Ana ankamvetsera kuposa mmene ankamverera za mafumu a ku Ulaya. Makope amenewo musandifunse. Langa chinadya ndi chiswe, la Amayi Sakala linapsa ndi nyumba.

Koma ndadumpha. Dzinja loyamba lomwelo, mitsinje itadzaza, kalata ya a Jere inandipeza itanyowa mbali imodzi. Anati atawerenga nkhani ija m'kalasi, mwana wina anakaibwereza kwawo. Patapita masiku kunabwera atate ake, a Mbewe, mlimi wa fodya wa tsidya la malire amene ankatumiza ana ake kusukulu ya a Jere. A Mbewewo anati Msamude ndi amayi a ambuye awo aakazi, ndipo ambuye awowo ankakamba za mng'ono wawo amene anatengedwa m'munda wa mapira. A Jere sanakhulupirire msanga. Anapita iwo eni ndi munthuyo, kuwoloka malire, ndipo anakaona mwala wong'ambika uja ndi mabwinja a ng'anjo ziwiri, udzu utamera pamwamba.

Ndinasunga kalatayo masiku atatu ndisanapite nayo. Ndinali nditapsa kale. Ndinayamba kuuza amake Lute, ndipo iwo ndiwo anauza amayi awo. Anaphiri anangoti, "Abwere ndimuone. Onama ndi ambiri."

Anabwera mvula itatha, a Jere ndi a Mbewe, panjinga imodzi mosinthana. A Mbewe anali bambo wa zaka ngati makumi anayi, wamtali, wolankhula Chichewa cha kumalire. Anagwada patali n'kuomba m'manja. Anaphiri anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwati ambuye anu anali mkulu wanga. Anali ndi chiyani pathupi?"

"Chipsera cha moto, ambuya. Pamkono wamanzere, kuyambira apa mpaka apa. Ankati anagwera pa makala a ng'anjo ali mwana."

Anaphiri anatsegula kabotolo ka fodya, kutapa, koma sanafikitse pamphuno. Dzanja linangokhala m'mwamba.

"Sanagwe," anatero. "Ndinamukankha ndine. Tinkalimbirana chimanga chootcha."

Kenaka anafunsa ngati ali moyo. A Mbewe anati anamwalira kalekale, koma mpaka kukalamba ankati akaphika ankapatula kachakudya pambali, akuti mwina mng'ono wanga afika. Apo nkhalamba ija imene sindinaionepo ikugwetsa msozi inalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Tinakhala panja mpaka mithunzi kutalika. Atatuluka analamula amake Lute kuti aphe nkhuku.

A Mbewe anapempha kuti awatenge akaone kwawo, anati apeza ngolo. Anakana.

"Ndikaona chiyani? Mwala? Amene ndinkawadziwa onse ali pansi. Ana anga ali kuno, manda anga ali kuno. Inu muzibwera, anthu azikuonani."

Ndipo ankabweradi, chaka chilichonse akagulitsa fodya. Anthu a m'mudzimo anazolowera kumuona munthu wamtali uja atakhala pakhonde la kumapeto. Mlandu wa malire a munda wa amake Lute utabuka, akuluakulu a mudzi anadikira kuti a Mbewe afike.

Anaphiri anadwala nthawi yozizira, Chitaganya chili pafupi kutha. Anadwala masabata angapo, choncho uthenga unafika ku Vubwi nthawi ikadalipo, ndipo a Mbewe anawapeza akupuma. Anamwalira patapita masiku awiri. A Jere sanathe kubwera, miyendo inali itayamba kuwavuta. Amayi Sakala anabwera ndi Lute, amene tsopano anali namwali wamkulu, akumaliza kuphunzira uphunzitsi.

Kumanda, titatha kuimba, mlaliki anati mwini maliro alankhule. A Phiri anayamba kudzuka, poti maliro onse a m'banja limenelo ankalankhula ndi iwo. Atafika pakati anaima, dzanja lili pa ndodo. Anayang'ana kumene kunakhala a Mbewe.

"Pepani," anatero. "Mwini wake alipo." Anakhalanso pansi.

A Mbewe sanachulutse mawu. Anati, "Amene tamuika pano ndi Nambewe, wa kwathu. Anakhala nanu zaka zonsezi, mwamusunga, zikomo. Ana ake ndi adzukulu ake ndi mbumba yanga. Wofuna ukwati kapena wokhala ndi mlandu abwere kwa ine. Njira ndi yaitali koma ndimafika."

Pobwerera kumudzi ndinapezeka ndikuyenda pafupi ndi Lute. Chichokere m'kalasi mwanga tinali tisanalankhulane. Ndinapereka moni, anayankha mwaulemu. Tinayenda pang'ono, ndipo ine, pofuna kudzipepuza mtima, ndinati, "Komabe zinatha bwino, eti? Atsibweni munawapeza."

Anaima panjira. "Tinawapeza, aphunzitsi, ndipo tikuthokoza. Koma izo n'zina, zija n'zina. Kuchitsime kuja ndinali ndekha. Mpaka lero m'mudzi muno alipo amene amanditcha dzina lija."

Ndinati, "Ndamva, mayi."

"Chaka chamawa ndiyamba kuphunzitsa," anatero. "Amayi Sakala ati andipatsa makope aja ndikopere. Phunzirolo ndidzaphunzitsa. Ndidzayamba ndi za kwathu, ndi pakamwa panga."

Anapita kukapeza amake, ine ndinatsala ndikukankha njinga yanga. Anaphunzitsa zaka zambiri cha ku Katete, ndipo tikakumana pamisonkhano ya aphunzitsi tinkapatsana moni bwinobwino. Koma sanandiuzepo kuti wandikhululukira, ana inu, ndipo ine sindinamufunse.